Mvula Imene Sindinailembe

Chaka chimene ndinali Fomu 3, kwathu tinabzala chimanga mochedwa ndi milungu iwiri, ndipo amene ndinachedwetsa ndine. Ndikulemba izi kope langa lakale lili pambali. Ndi kope limene ndimalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo masamba a Novembala wa chaka chimenecho ali ndi zilembo zothinana, zina zofufutafufuta.

Kwathu ndi kufupi ndi Mlangeni, kumunsi kwa msewu wa tala. Sukulu yathu ndi yoyendera, ili kuseri kwa phiri, ulendo wa ola limodzi ngati suima kucheza panjira. Munda wa chimanga tili nawo umodzi, wotsetsereka. Kumtunda kwake n'kwa miyala, kumunsi n'kwa dothi lakuda. Kudimba amayi amalima mbatata ya kachewere ndi kabichi zogulitsa kumsewu, koma chimene timadya chaka chonse chimachokera m'munda wotsetserekawo.

Chaka cha m'mbuyo mwake tinaona zakuda. Mvula yoyamba itagwa, ababa anabzala mbewu yonse tsiku limodzi. Chimanga chinamera bwino, kenako kumwamba kunayera kwa milungu itatu. Masamba anapota ngati a anyezi, n'kuuma. Tinabzalanso chimanga chogula pamsika chosadziwika mtundu wake, ndipo pofika Seputembala m'nyumba munalibe thumba ndi limodzi lomwe. Ababa anagulitsa mbuzi yathu yaikazi n'kugula mapaketi awiri a mbewu kusitolo ya bambo wina wachisilamu pamsika. Anawapachika kudenga kuopa makoswe. Tsiku limenelo ananena mawu amene ndinawalemba m'kope: "Iyi ikapsa, palibenso ina."

Teremu itangoyamba, kusukulu kunabwera galimoto yoyera. Munatsika mayi wina wa ku yunivesite, wovala chipewa chachikulu ndi nsapato zokwerera mapiri. Aphunzitsi a jogalafe anatisonkhanitsa pansi pa mtengo. Mayiyo anati ntchito yawo ndi kufufuza mmene mvula inkagwera kalekale, ife tisanabadwe, ngakhale makolo athu asanabadwe. Anati amawerenga mabuku akale amene anthu a ku mishoni ankalembamo mvula, komanso amawerenga mitengo. Anatulutsa kachidutswa ka mlombwa kopala bwino n'kutiyendetsera m'manja. Mkati mwake munali mizere yozungulira. Mzere wotambalala ndi chaka cha mvula yabwino, wopyapyala ndi chaka cha chilala. Ndinawerenga yopyapyala itatu yotsatizana, ndipo ndinaganiza za anthu amene anali moyo zaka zitatu zimenezo, kuti kaya ankadya chiyani.

Mayiyo anati chilala si chachilendo kuno. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti kodi mvula yoyamba yayamba kunamiza alimi kawirikawiri kuposa kale, kugwa kenako n'kusowa. Vuto lawo n'lakuti mvula ya m'midzi palibe amene amailemba. N'chifukwa chake ankasiya zoyezera mvula m'masukulu.

Chathu chinali chitini chonyezimira, kukamwa kwake kuli fanulo, mkati muli botolo. Anachikhazika pa chipika chimene anakumbira pakati pa bwalo, kutali ndi mitengo ndi madenga. Panalinso kagalasi kakang'ono ka mizere kothiramo madzi powerenga. Aphunzitsi anasankha ine chifukwa sindinkachedwa komanso ndimalemba zowerengeka. Mayiyo anandigwira paphewa.

"Tamvera, mtsikana. Usalembe zimene waona panjira, kapena zimene anthu akunena. Ulembe zimene wapeza m'botolo. Ukapeza mulibe kanthu, ulembe ziro. Ziro nayenso timamufuna."

Galimoto itapita, aphunzitsi anamangirira ulusi wofiira pa kagalasi kaja. Anati alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuti mvula ya masiku atatu otsatizana ukaiphatikiza idutse pamenepo, ndiye kuti dothi lanyowa mokwanira kubzala. Ikapanda kufika, mbewu ikhoza kumera n'kupsa.

Madzulo ndinafotokoza zonsezi kunyumba, mwina mokokomeza, chifukwa ndinali wokondwa. Ababa anamvetsera akusema mpini.

"Ndiye kuti chitinicho chimadziwa tsiku lobzala?"

"Sichidziwa, ababa. Chimangoyeza. Koma sichilakwitsa ngati maso."

"Maso anga analakwitsa chaka chatha, n'zoona." Anaika mpini pansi. "Basi, chaka chino tifunsa sukulu. Iwe ukadzati tibzale, tidzabzala."

Amayi anangoti, "Ee?" n'kupitiriza kusankha nyemba. Ine ndinamva kukoma kwambiri. Sindibisa. M'kope ndinalemba kuti maphunziro anga ayamba kuthandiza pakhomo ndisanamalize n'komwe.

M'mawa uliwonse ndinkafika mzere wa asembule usanayambe, n'kutsegula chitini, n'kulemba. Loweruka ndi Lamlungu ndinkapitabe, amayi akudandaula kuti nsapato zitha. Lachisanu lililonse aphunzitsi ankatumiza manambala pafoni. Okutobala yense ndinalemba ziro, kupatula tsiku la chizimalupsa, kamvula kaja kamene kamangozimitsa fumbi, kamene kanagwa masana tili m'kalasi.

Mvula yeniyeni inabwera chapakati pa Novembala, Lachiwiri. Mitambo inachokera mbali ya ku Mozambiki. Tikuweruka inali ikuwaza pang'onopang'ono, ndipo kutada inagwa mwamphamvu. Kutacha, njira yakusukulu inali itakumbika ngalande, ngumbi zili mbwee m'matope, ana akutola m'mabeseni. Ndinathamanga njira yonse. Nditathira madzi mu kagalasi, anangokwera pang'ono ngati kutalika kwa chikhadabo. Ulusi wofiira unali kutali.

Ndinayang'ana bwalo la sukulu. Linali matope okhaokha. Ndinayang'ananso kagalasi. Aphunzitsi atafika panjinga yawo, chifukwa amakhala kumsika, ndinawaonetsa.

"Aphunzitsi, mvula yonse ija ndi imeneyi?" ndinawafunsa.

Anapukusa kagalasi, n'kuyang'ana kumwamba. "Malata amakokomeza. Mvula ya pamalata imamveka yambiri. Komanso nthaka youma simwa msanga, madzi amangoyenda pamwamba. Lemba zimene wapeza."

Ndinalemba. Pobwerera ndinapeza mudzi wonse uli m'minda, makasu akugwa, azimayi akuponya mbewu m'mapando ana akukwirira pambuyo. Ababa ndinawapeza atakhala pakhonde, mapaketi aja atawatsitsa kale kudenga.

"Bwanji?"

"Sinakwane, ababa. Sinafike ndi theka lomwe."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kuminda ya anthu. Kenako anakwera pampando n'kupachikanso mapaketiwo.

Patapita masiku anayi inagwanso chimodzimodzi, kuyamba madzulo n'kugwa kwambiri kutada. M'botolo ndinapezamo madzi ochepa kuposa poyamba. Tsiku limenelo amayi anandiitanira kumunda. Anagwada pamzere, n'kulowetsa dzanja m'dothi mpaka kupitirira pamfundo ya dzanja, n'kutulutsa dothi lakuda. Analifinya, linagwirana.

"Taona iwe wasukulu. Ichi n'chiyani?"

"Ndi chinyezi, amayi, koma mwina ndi chapamwamba chabe."

"Chapamwamba? Dzanja langa ndalilowetsa kumwamba?" Anatembenukira kwa ababa. "Inu, tibzale. Ine ndakulira m'munda muno."

"Chaka chathanso munatero," ababa anayankha motsitsa mawu. "Nanenso ndinatero. Tinadya chiyani?"

Amayi anaponya dothilo pansi n'kupita kudimba.

Anthu anayamba kutiseka. Amalume, amene munda wawo wachita malire ndi wathu, ankaima pamalirepo akutsamira khasu.

"Alamu, kodi mukudikira kalata yochokera kwa ahedi? Ikabwera mundiwerengereko, mwina inenso ndalakwitsa."

Kumjigo ndikangofika ndi ndowa, amayi ena ankayamba: "Eya, azanyengo afika. Tiuzeni, lero tiyanike ufa kapena ayi?" Onse ankaseka, inenso ndinkaseka nawo mokakamiza. Chimanga cha amalume chinatuluka, mizere yobiriwira kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Chinachita masamba awiri, kenako atatu. Munda wathu unali pakati pa minda yobiriwira uli wakuda, udzu wokha ukumera m'mizere.

M'kope la masiku amenewo muli mawu awa: "Ngati chitini chikunena zoona, chimanga cha anthu onse chipsa ndipo ife tokha tipulumuka. Sindikufuna kuti chipse. Koma chikapanda kupsa ndiye kuti ine ndanamiza ababa." Tsamba lotsatira ndinalemba kuti masamu sakulowa m'mutu. Ndinkati ndikakhala m'kalasi, maso ali pawindo, pa chitini chija.

Ndinayamba kuchikayikira. Tsiku lina pa buleki ndinathiramo kapu ya madzi n'kudikira mpaka poweruka kuti ndione ngati chikudontha. Madzi onse analimo. Ndinaganiza kuti mwina mbuzi zimachigwedeza, koma chinakhala bwinobwino pachipika pake. Ndinaganiza kuti mwina alipo amene amafika ine ndisanafike n'kutaya madzi pofuna kundiseka. Mvula itagwa kachitatu, patatha masiku khumi ndi awiri chigwereni yoyamba ija, ndinaganiza zolawirira kuti ndikamugwire munthuyo.

Ndinanyamuka kukungoyera, ndinafika dzuwa lisanatuluke. Pakati pa bwalo panali chipika chokha. Chitini panalibe.

Ndinati basi, chabedwa, ndikanena chiyani kwa mayi wa ku yunivesite uja. Ndili chiimire, chitseko cha chipinda chosungiramo katundu chinatseguka. Anatuluka alonda a pasukulu, bambo wachikulire wovala jasi lalitali, atafungatira chinthu chokulunga m'chiguduli. Anayenda mosamala podumpha zithaphwi, n'kufika pachipika, n'kuvundukula. Chinali chitini chija, chouma, chikunyezimira. Anachikhazika, n'kuchipukutanso ndi mkono wa jasi.

"Iwe mwana, lero walawirira bwanji? Kwanu kwagwa zovuta?"

"Agogo, chitinichi chinali kuti?"

"M'kati, kumene chimagona."

"Chimagona?"

"Nanga chigone panja? Chitsulo chokongola chonchi? Iwe sudziwa anthu a kuno. Chaka chatha anaba chitsulo chimene timaimba ngati belu, chachikulu chija, anthu awiri kuti achinyamule. Ananditengera kukomiti ine, kundifunsa ngati mwana. Ichi munthu akhoza kuchibisa m'malaya, mawa uchipeza chikutchezera kachasu."

"Mwakhala mukuchilowetsa kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene anachibweretsa. Ana akangoweruka, dzuwa likapendeka, ndimachitenga. M'mawa ndimachibwezera pamalo pake usanafike. Timadzi tako ta m'botolo sinditaya ayi, ndimanyamula choongoka. Sunasowepo kanthu, si choncho?"

Ananena monyadira. Ndinafuna kukuwa, koma ndi munthu wamkulu, ndipo palibe amene anawauzapo kuti chitinicho ntchito yake ndi kunyowa. Tsiku limene mayi uja ankafotokoza, iwo anali kwawo akupumula. Ndinangokhala pansi m'matope momwemo ndi yunifomu yanga.

"Agogo, mvula yonse yagwa mwezi uno yagwa kutada."

Anayang'ana chitini, n'kuyang'ana ine. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

"Ho! Ndiye kuti chimafuna ya usikunso?"

"Kwathu sitinabzale. Ababa akudikira chimenechi."

Anavula chipewa n'kuchigwira m'manja. "Simunabzale? Mpaka lero? Mwanawe, ine ndinabzala tsiku la ngumbi lija."

Aphunzitsi atafika ndinawafotokozera. Poyamba anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsamira njinga. Atandiyang'ana kumaso analeka. Anaimbira foni mayi uja pomwepo, n'kundipatsa kuti ndilankhule ndekha. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Mayiyo anangopuma mozama, n'kunena kuti ndisafufute kanthu, koma pa tsiku lililonse ndilembe pambali kuti mvula ya usiku sinayezedwe. Anati manambala amenewo sangawagwiritse ntchito, ndipo ndi bwino kuti zadziwika msanga. Ndinawafunsa ngati angadziwe kuti mvula inagwa yochuluka bwanji kwenikweni. Anati ayi, imene yapita osayezedwa yapita.

Sindinalowe m'kalasi. Ndinapempha chilolezo n'kubwerera kunyumba. Njira yonse ndinkakonza mawu, koma aliwonse ankamveka ngati ndikukankhira mlandu kwa alonda. Chimene chinkandiwawa n'chakuti matope a pabwalo ndinawaona ndi maso anga katatu konse, dothi la m'dzanja la amayi ndinaliona, koma ndinkaopa kuoneka wosaphunzira ndikatsutsa kagalasi.

Ababa ndinawapeza kumunda akuzula udzu m'mizere yopanda mbewu. Ndinagwada chapatali.

"Ababa, ndalakwitsa. Chitini chija chimalowetsedwa m'nyumba madzulo aliwonse. Mvula ya usiku sichinaione."

Anaweramuka. "M'nyumba?"

"Alonda amaopa akuba."

"Ndiye mvula inakwana?"

"Sindikudziwa, ababa. Palibe amene akudziwa. Koma inali yambiri kuposa imene ndinkakuuzani."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anatenga khasu n'kukumba pamzere kamodzi, kawiri, n'kugwira dothi. Anapita kumtunda kwa miyala n'kukumbanso. Kenako anati, "Kaitane amako kudimba. Ubwere ndi mapaketi onse."

Amayi atamva nkhaniyo anagwira m'chiuno. "Chitini chogona m'nyumba, ife n'kumagona ndi njala chifukwa cha icho! Ndinanena ine. Ndinanena kapena sindinanene?"

"Munanena," anatero ababa.

"Ndiye tibzale yonse lero lomwe."

"Ayi. Kumunsi kokha. Kumtunda kwayamba kale kuuma, ndipo kumwambaku sindikukukhulupirira. Paketi inayo idikire."

Anakangana pang'ono, koma tinabzala paketi imodzi, ababa akukumba mapando, amayi akuponya, ine ndikukwirira ndi phazi. Mankhwala ofiira a mbewu anatsalira m'manja mwa amayi. Amalume anabwera pamalire, anatsegula pakamwa, koma ataona nkhope ya amayi anangotenga khasu lawo n'kuyamba kutithandiza kukumba.

Kuyambira tsiku limenelo kumwamba kunayera. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, dzuwa lokhalokha. Kusukulu ahedi anagula unyolo ndi loko, alonda anamangirira chitini kuchipika, ndipo m'mawa uliwonse ankandidikira pomwepo kuti tione limodzi. Munalibe kanthu. Ndinkalemba ziro, tsopano ziro weniweni. Iwo ankandifunsa kuti, "Chamera?" Ine ndinkati, "Sichinamere." Ankapukusa mutu n'kupita kwawo.

Chimanga cha anthu chinayamba kupota masamba masana, koma chinali ndi mizu, madzulo chinkatambasukanso. Chathu chinali chikadali pansi, ndipo pamwamba pa mizere dothi linauma n'kuchita chikhakha cholimba. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinafukula phando limodzi ndi chala. Njere inali itatulutsa kamuzu koyera, kansonga kake katapindika pansi pa chikhakhacho. Ndinakwiriranso msanga. Ndikaweruka ndinkatenga kheni ya kudimba n'kumatunga madzi kudzathirira mizere ya m'munsi kwenikweni. Ababa anati ndikungodzivutitsa, munda suthiriridwa ndi kheni, koma sanandiletse. Ndinkakwanitsa mizere inayi kusanade. M'kope ndinalemba kuti ndikamatseka maso ndikuona timizu toyera tikuuma.

Mvula inabwera tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, tili m'kalasi ya Chichewa. Inagwa mpaka madzulo, n'kugwanso mawa lake. Nditathira mu kagalasi, madzi anadutsa ulusi wofiira tsiku limodzi lokha. Sindinasangalale monga ndinkaganizira. Ndinangofuna kukaona munda.

Patapita masiku atatu tinayenda mzere ndi mzere. Mizere inayi ija ndinkathirira inamera yonse. Kwina konse, pa mapando atatu alionse limodzi linali lopanda kanthu. Tinatsegula paketi yachiwiri, n'kupakiza m'mipatamo, yotsalayo n'kubzala kumtunda. Sinakwane munda wonse. Chigawo cha pamwamba penipeni amayi anabzalamo nyemba.

Chimanga cha kumtunda chinakula chikuthamangitsana ndi nyengo. Pamene cha amalume chinkamasula ngayaye, chathu chinali m'chiuno. Mvula inasiya kumayambiriro kwa Malichi, chisanakhwime bwino. Zisononkho zake zinali zazifupi, njere zofota, zina theka lopanda kanthu. Cha kumunsi chinabereka bwino ndithu, makamaka mizere ya m'munsi kwenikweni ija.

Titamaliza kutonola ndi kuthira m'matumba, ababa anawayang'ana ataunjikidwa pakona, n'kuwagwira limodzi limodzi.

"Tifika Khirisimasi."

"Tikamadya mosamala," anatero amayi. "Achimwene anga a pamalirewa afika Febuluwale."

"Chaka chatha tinafika Seputembala."

Amayi anandiyang'ana ine, osati mokwiya kwenikweni, n'kunena kuti kuchokera Khirisimasi mpaka chimanga chachiwisi pali miyezi iwiri ndi kanthu, ndipo miyezi imeneyo idzafuna kachewere wambiri wosinthanitsa ndi chimanga kumsewu. Anati dimba lili ndi malo kumbali ya kuchitsime amene sanalimidwepo chifukwa iwo okha sangathe kuthirira.

Loweruka lotsatira, nditabwerako kusukulu kokawerenga chitini, ndinatenga khasu n'kuwatsatira kudimba. Nthaka ya kumbali ya kuchitsime inali yolimba, yodzaza mizu ya nsenjere. Pofika madzulo tinali titatipula mabedi atatu, ndipo amayi anati amenewo ndi anga, ndiziwathirira ndekha ndikaweruka.